ROUND, INT+1, ROUNDUP kapena CEILING: yowerengera maulendo a mbatata ndi iti?

Kachewere akachuluka pa Lizulu, alembi a magulu a alimi amafunsa chimodzimodzi: mu Excel tilembe chiyani kuti tidziwe maulendo a galimoto? Tiyerekeze kuti galimoto imanyamula matumba 40, ndipo chiwerengero cha matumba talemba m'kabokosi ka A2.

ROUND isiyeni, chifukwa imangopita ku nambala yathunthu yapafupi. Matumba 130 kugawa ndi 40 ndi 3.25, iyo imati maulendo 3, matumba 10 n'kutsala padzuwa.

Imene imandipweteka mtima ndi INT(A2/40)+1, chifukwa anthu amapatsirana ngati nzeru yabwino. Pa matumba 130 imakhoza: INT imatsitsa 3.25 kukhala 3, kuonjeza 1 ndi 4. Pa 159 imakhozanso. Mlembi amaikhulupirira. Koma matumba akakhala 120 ndendende, kugawa kumapereka 3 wopanda chotsala, INT ilibe choti itsitse, koma 1 uja amaonjezekabe. Yatuluka 4. Gulu lasonkha ndalama ya ulendo wopanda katundu, ndipo Excel saonetsa chizindikiro chilichonse choti pena palakwika. Izi zimachitika pa 40, 80, 120, 160, manambala omwewo amene gulu lolongosoka limafuna kuti galimoto idzaze. Ngakhale mlimi amene sanabweretse thumba n'limodzi lomwe, imamulembera ulendo umodzi. Ngati mumaikondabe INT, lembani INT((A2+39)/40), kapena -INT(-A2/40). Zonsezi zimapereka 3 pa 120 ndi 4 pa 121.

ROUNDUP(A2/40,0) ndi CEILING(A2/40,1) zimagwirizana pa matumba: zonse zimakweza 3.25 kukhala 4. Zimasiyana nambala ikapita pansi pa ziro, monga m'kaundula wa ngongole za banki m'khonde. ROUNDUP imathawa ziro, choncho -2.5 imakhala -3. CEILING imakwera m'mwamba basi, imapereka -2. (Excel 2007 ndi akale ena amakana zimenezi, amalemba #NUM!, chizindikiro choti palakwika.) INT ndi TRUNC (imene imangodula zotsala pambuyo pa kadontho) nazonso zimasiyana motero: pa -2.5, INT imati -3, TRUNC imati -2.

Pa ndalama CEILING ndiyo yokoma. Chopereka cha K1,230 mukafuna chifike pa K50 yotsatira kuti pasavute chenji, CEILING(1230,50) imapereka 1250. ROUNDUP imangodziwa makumi ndi mazana, ikudumphitsani mpaka 1300.

Ine ndimasankha CEILING, koma iikeni pa chiwerengero cha matumba onse, osati pamzere wa mlimi aliyense. Wina ali ndi matumba 50, wina 30: payekhapayekha ndi maulendo 2 ndi 1, onse 3. Mukayamba mwaphatikiza, 80 kugawa ndi 40 ndi maulendo 2 okha. Kukweza kaye kenako n'kuphatikiza sikungapereke nambala yocheperapo, ndipo alimi akachuluka kusiyanako kumatha kukula kwambiri.