Miyezi 9 ndi makina ofungatira mazira 56

Makina anga ndi aja apulasitiki, okhala ndi fani pachivundikiro ndi mathileyi otembenuza okha mazira. Ndaswetsamo kasanu ndi kawiri tsopano, makamaka mazira a nkhuku, ndipo ndikutha kunena zomwe amakwanitsa ndi zomwe amalephera.

Ulendo woyamba unandiwawa mtima. Tsiku la 21, lomwe anapiye amayenera kutuluka, linadutsa kuli zii. Anapiye anayamba kugogomola la 23, ndipo pa mazira 50 anatuluka 19 okha, ena ali ofooka osatha kuimirira. Nthawi yonseyi makinawo ankaonetsa kutentha kwa madigiri 37.5, mlingo woyenera ndithu. Nditaika choyezera kutentha china pafupi ndi mazirawo ndinapeza kuti m'katimo munali mozizirirapo ndi pafupifupi digiri imodzi. Kukazizira anapiye amachedwa, kukatentha mopitirira amafulumira. Ndinakonza manambalawo, ndipo choyezera chachiwiricho sichichokamonso.

Chinyezi ndicho chinandivuta nthawi yaitali. Kabuku ka makinawo kamati muzidzaza madzi m'timipata tonse tapansi. Ndinamvera, koma anapiye ambiri ankafera m'dzira atakula kale, nthenga zonse zili pomwepo. Ndikaswa dzira lotere ndinkapeza mwanapiye ali chinyowere, malo a mpweya aja a kumbali yaikulu ya dzira ali ochepa kwambiri. Dzira limayenera kuuma pang'onopang'ono, kupepuka ndi magawo 12 kapena 13 pa 100 alionse pofika tsiku la 18, kuti mwanapiye apeze mpweya wokwanira asanaboole chigoba. Pano masiku 18 oyamba ndimasunga chinyezi pa 50 mpaka 55 peresenti, ndipo sindidalira manambala okha. Ndimaunika mazira ndi tochi mumdima tsiku la 7, la 14 ndi la 18, n'kulemba ndi pensulo pomwe mpweya walekezera. Mzerewo ukamatsika, zinthu zikuyenda. Pa tsiku la 7 paja, ukaona timitsempha tofiira titayala ngati ukonde wa kangaude, kadontho kakuda kakugwedezeka pakati, mtima umakhala m'malo. Loyera mbee kapena lokhala ndi mkombero wa magazi ndimachotsa lisanasukuse n'kuipitsa anzake.

Cholakwa china chinali changa, osati cha makina. Masiku atatu omaliza kutembenuza kumaima, chinyezi chimakwera kufika 65 kapena 70, ndipo chivundikiro sichiyenera kutsegulidwa. Ine chifundo chinandigwira nditamva mwanapiye akulira m'dzira, kamlomo kali panja. Ndinatsegula kuti ndimuthandize. Chinyezi chinathawa, kachikopa ka m'kati mwa mazira atatu ena kanauma n'kuwamatirira anapiyewo, ndipo awiri sanatuluke. Mwanapiye akaboola amatha kupuma ngakhale maola 24, akumaliza kuyamwa chachikasu cha m'dzira chija, ndipo akatuluka chimamusunga masiku awiri osadya. Palibe chothamangira. Kuyambira pamenepo ndimaonera pagalasi basi.

Zofooka za makinawo zilipo. Fani imadzaza tiubweya ta anapiye ndipo kuitsuka n'kovuta. Kamota kotembenuza kanayamba kukakamira mwezi wachisanu ndi chimodzi, moti ndimaika chizindikiro pa dzira limodzi kuti ndidziwe ngati thileyi yasunthadi. Alibe batire, magetsi atazima maola anayi ndinawafunditsa bulangeti osatsegula, ndipo anapiye anangochedwa pang'ono. Pansi pake m'poterera, choncho ndimayalapo kansalu kokhakhala kuti miyendo ya anapiye isatang'adze. Mazira a abakha anaswa bwino pa masiku 28, koma a zinziri, omwe amatenga masiku 17 kapena 18, sakhazikika m'mathileyi amenewa.

Ndingagulenso? Inde, koma pamodzi ndi choyezera kutentha ndi chinyezi chapadera tsiku lomwelo. Ulendo wapitawu ndinaika mazira osapitirira sabata chiikiridwire, ndipo pa 48 okhala ndi mbewu anatuluka anapiye 41, onse tsiku la 21 dzuwa lisanalowe.