Zoom pa misonkhano ya aphunzitsi a mayiko atatu: ndi yabwino, koma zimitsani kamera

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Chilomoni. Mwezi ndi mwezi timakumana pa Zoom, pulogalamu yochitira misonkhano pa intaneti, ndi aphunzitsi anzathu a ku Glasgow ku Scotland ndi a ku Kisumu ku Kenya, kugawana nzeru zophunzitsira ana pamene mu labu mulibe zipangizo. Kwa amene mumafunsa ngati pulogalamuyi ingakuthandizeni pa ntchito yotere, ndikuti inde, bola muidziwe khalidwe lake.

Yaulere imalola anthu mpaka 100, koma msonkhano umaduka pakatha mphindi 40. Ife kuno sitiyamba nkhani tisanafunsane za kunyumba ndi za mvula, ndiye mphindi khumi zinkathera pa moni, pomwe anzathu a ku Scotland akungoyang'ana wotchi. Tinapangana kuti moni tizipatsirana m'mawa pa gulu la WhatsApp. Google Meet yaulere imapereka mphindi 60, komabe sitinasamuke, chifukwa cha tizipinda togawiramo anthu m'timagulu totchedwa breakout rooms, timene pa Zoom mumatipeza osalipira.

Tizipindati ndi timene tinasintha zinthu. Tikakhala tonse pamodzi, aphunzitsi achinyamata amangoti zii ahedi akakhalapo, poti kutsogola kuyankhula akulu asanatsegule pakamwa ndi mwano. A ku Glasgow ankayesa kuti tilibe choti tinene. Titayamba kugawana anayianayi, aphunzitsi ena achitsikana, amene sindinawamvepo akutsutsa munthu, anafotokoza mmene amaphunzitsira za asidi ndi madzi a chidede: akathiramo mandimu amafiira kwambiri, akathiramo chidulo chophikira thelele amasanduka obiriwira. Mafunso anagwa ngati mvula, mpaka nthawi inatithera. Kabatani kokweza dzanja nakonso kamathandiza, chifukwa wamanyazi amapeza mpata popanda kudula wina mawu.

Nkhani ya bando ndiyo yowawa. Eni ake a Zoom amati mawu okha amafuna 60 mpaka 80 kbps, pomwe kanema wa gulu amafuna pafupifupi 1 Mbps, kapena kuti 1,000 kbps (kbps ndi muyezo wa liwiro la intaneti). Kamera imadya kuposa kakhumi. Choncho timayatsa poyamba kuti tionane nkhope, kenako tonse kuzimitsa, ngakhale a ku Glasgow amene intaneti yawo siwavuta. Zithunzi ndi mapepala timatumizirana msonkhano usanayambe. Magetsi akathima, foni imapirira kuposa laputopu.

Mawu olembedwa pansi pa sikirini amandipulumutsa, poti Chingerezi cha ku Glasgow chimathamanga zedi. Koma Chichewa mulibemo, ndipo njira yoti womasulira aziyankhula pa tchanelo chakechake ndi ya olipira okha. Tikaitana makolo a komiti ya sukulu, mmodzi wa ife amakhala nawo pa foni imodzi n'kumawanong'oneza.

Samalaninso ndi nthawi. Kenya ili patsogolo pathu ndi ola limodzi chaka chonse. Scotland ili m'mbuyo ndi maola awiri, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amasintha mawotchi, n'kutsala ola limodzi. Pa uthenga woitanira anthu timalemba nthawi zonse zitatu, ya ku Blantyre pamwamba.