TryHackMe: kuphunzira chitetezo cha makompyuta pochita

Mabanki, makampani a mafoni ndi maofesi a boma akufuna anthu oteteza makompyuta awo, koma satifiketi yokha sigwira wakuba. TryHackMe, webusaiti yophunzitsa chitetezo cha makompyuta yomwe inayamba ku Britain mu 2018, imakupatsani kompyuta yeniyeni yoti muithyole kapena kuiteteza. Phunziro lililonse amalitcha room: mumawerenga pang'ono, n'kudina Start Machine, ntchito n'kuyambika.

Amene sadziwa kalikonse ayambire pa mndandanda wa maphunziro wotchedwa Pre Security. Wofuna ntchito yolondera netiweki apitirire ku SOC Level 1, komwe amafufuza zochitika pa netiweki ndi mapulogalamu a Wireshark ndi Splunk. Njira imeneyi ndiyo tingailimbikitse kwa ambiri, ngakhale achinyamata amathamangira Jr Penetration Tester poti kuthyola kumakoma.

Polowera pali pawiri. AttackBox, kompyuta ya TryHackMe yokhala kale ndi zida zothyolera, imatseguka mu browser momwemo, koma kwa osalipira ndi ola limodzi patsiku, ndipo netiweki ikamadukaduka mumalemba lamulo n'kumadikira kuti zilembo zioneke. Yabwino ndi kuika Kali Linux, Linux yokhala ndi zida zothyolera, mu VirtualBox (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina m'kati mwa yanu) pa laputopu ya RAM 8GB, Kaliyo n'kuipatsa 4GB. Tengani ku TryHackMe fayilo yanu ya .ovpn yotsegulira VPN, njira yolumikizira Kaliyo ku makompyuta awo, lembani sudo openvpn ndi dzina la fayiloyo, dikirani mawu akuti Initialization Sequence Completed.

Apa m'pamene ambiri amakodwa. Mukatsegula VPN kawiri, pamabwera njira ziwiri za VPN, tun0 ndi tun1, zomwe zimalimbana, kulumikizana n'kumaduka. Tsekani zonse muyambenso. Makompyuta ambiri a Windows sayankha ping (uthenga woona ngati kompyuta ilipo), choncho Nmap, pulogalamu yofufuza makompyuta pa netiweki, imanena kuti kulibe kanthu mpaka mutawonjezera -Pn. Pa room yotchedwa Blue, yophunzitsa chibowo cha mu Windows chotchedwa MS17-010, pulogalamu yothyolera ya Metasploit imalephera mukasiya LHOST (polemba adiresi ya kompyuta yanu) ili ndi adiresi ya eth0, netiweki yanu wamba, m'malo mwa ya tun0, chifukwa kompyuta yothyoledwayo imasowa njira yobwererera kwa inu. Nthawi zina kompyutayo imangofa. Izimitseni, muiyatsenso, muipatse mphindi zingapo. Muziyang'ananso wotchi, poti kompyuta iliyonse imayaka kwa nthawi yochepa: nthawi ikatha musanawonjezere ola, zonse zomwe munachita pamenepo zapita.

Chofooka cha TryHackMe n'chakuti imakugwirani dzanja kwambiri. Mayankho a ma room ambiri ali mbwee pa intaneti, moti munthu akhoza kukhala ndi mabaji ochuluka mutu uli gwa. Bwana wolemba ntchito asakhutire ndi mabajiwo. Amuuze munthuyo alembe lipoti la chibowo chimodzi, kuopsa kwake ndi katsekedwe kake.

Maphunziro ambiri a m'kati ndi olipira, ndipo amafuna khadi lotha kulipira kunja, zomwe kwa ife ku Malawi si nkhani yaing'ono. Malizani kaye aulere, kuphatikizapo Advent of Cyber ya mwezi wa Disembala. Zida zimenezi muzigwiritse ntchito pa makompyuta a TryHackMe okha: kulowa mu kompyuta ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.