Felemu ya kaboni ikang'aluka: kupera, kuotcha, mankhwala kapena kumata?

Felemu ya njinga yanga ya kaboni (carbon fibre) itang'aluka pafupi ndi mapedulo, ndinapita nayo ku Magaba, msika wa amisiri ndi ogula zitsulo zakale ku Mbare mu Harare, poganiza kuti ndiigulitsa n'kupezapo ya kombi. Mkulu wina wogula zitsulo, wakwathu ku Dedza, anaigogoda ndi sipanala, n'kuikoleka pa chala chimodzi, akuseka. "Achimwene, mukanabwera ndi aluminiyamu tikanaumba mapoto. Nanga ichi ndichiika pa sikelo yanji?"

Sananame mkuluyu. Kaboni ndi timaulusi tochepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi tsitsi la munthu, tomatidwa ndi guluu wa epoxy. Guluuyu akauma wauma. Pamoto sasungunuka, amangopserera. Njira zonse zobwezeretsera kaboni zimalimbana ndi guluu ameneyu.

Kupera ndi njira yotchipa kuposa zonse: makina amaphwanya chinthucho mpaka chisanduke tizidutswa ndi ufa, n'kumathira mu pulasitiki kapena konkire. Koma mphamvu ya kaboni ili m'kutalika kwa ulusi, ndiye mukapera mwapha chomwe munagulira. Fumbi lakenso ndi loyabwa, ndipo limadutsa magetsi, moti likalowa mu girayinda likhoza kuiotcha.

Kuotcha kumene ndikunena si kwa pamoto wa matayala ayi. Amati pyrolysis: zidutswa zimalowa mu ng'anjo yopanda mpweya wa okosijeni, yotentha madigiri pafupifupi 500, guluu n'kuchoka ngati gasi ndi mafuta, ulusi n'kutsala. Ng'anjo ikayendetsedwa bwino, ulusiwo umasunga mphamvu yake yambiri. Iyi ndiye njira imene yafika pochitira bizinesi. Mu 2018 kampani ya Boeing, imene ndege yake ya 787 theka la kulemera kwake ndi zinthu zamtunduwu, inagwirizana ndi ELG Carbon Fibre ya ku England kuti izitumiza zotsalira za m'mafakitale ake kumeneko. Chilema cha njirayi n'chakuti ulusi umatuluka waufupi, wopiringizana ngati thonje. Umapanga mapepala oumbira ziwiya za galimoto ndi zikuto za malaputopu, osati phiko lina la ndege. Ndiye taganizani ng'anjo yotere kuno, magetsi ake athu othima m'mawa n'kubwera anthu atagonawa. Komanso imafuna matani a zinyalala, pomwe ife a njinga za kaboni mu Harare muno timadziwana nkhope.

Njira ya mankhwala, solvolysis, imadya guluu ndi asidi, alikoholo kapena madzi otentha opanikizidwa kwambiri. Ulusi umatuluka woyera bwino, ndipo nthawi zina mbali ya guluu imapulumuka. Ndi yodula, ndipo madzi a mankhwala otsalawo amafunanso kowataya. Papepala ndi yokoma kuposa ng'anjo, koma kwa ine ndi inu ili kutali.

Ine ndinasankha kumata. Mmisiri wina amene amakonza mabwato a fayibagalasi anatenga kakhobidi n'kumagogoda felemu pang'onopang'ono. Pabwino pamalira kuti nge nge, pofumbwa m'kati pamangoti phu. Anazunguliza pamenepo ndi choko, anapala ndi sandipepa wonyowa atavala masiki, anayala nsalu yatsopano ya kaboni kangapo mosinthasintha kolowera ulusi, anapaka epoxy, n'kukulunga zolimba ndi tepi. Pamalopo patupa pang'ono ngati bondo la nkhalamba, koma njinga ikuyenda.

Foloko yokha anaikana, ndipo sindinatsutse. Foloko kapena handulo ikathyoka muli pa liwiro mu Seke Road, choyamba kufika pa tala ndi mano. Ndinagula ina, ndipo yakaleyo ndinakana kuiotcha pa dzala chifukwa utsi wa epoxy ndi poizoni. Ku Pomona, kotayira zinyalala za Harare, nakonso ikangokhala zaka osaola. Panopa ili kuseri kwa nyumba, mayi a kunyumba anayanzikirapo chipanda.