Ndemanga: tchaja ya Victron Orion-Tr Smart 12/12-30 pa pikapu ya mabatire awiri

Tchaja iyi ndi yabwino, koma si ya munthu wofuna kungomanga n'kuiwala. Ntchito yake ndi kutenga moto ku batire la injini galimoto ikamalira, n'kudzaza batire lachiwiri loyendetsa filiji, nyale za pamsasa ndi malaputopu. Injini ikazima imadula njira kuti batire lolizira galimoto lisaphwe. Zimenezi imachita mosavuta. Chomwe chimaisokoneza ndi kutentha ndi waya wochepa, ndipo zonse ziwirizi zili m'manja mwa woimanga. Tikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, pa pikapu ya double cab yokhala ndi batire la lithium la 100Ah kumbuyo.

Ambiri amafunsa chifukwa chosangoika relay wamba, popeza ndi yotchipa ndipo makaniko aliyense wa magetsi a galimoto amaidziwa. Relay ija imangolumikiza mabatire awiriwo voltage ikafika cha m'ma 13.3V, n'kuwalekanitsa ikatsika cha m'ma 12.8V. Pa Hilux yakale kapena Hardbody, yomwe alternator yake imakhala pa 14V tsiku lonse, komanso mabatire onse awiri ali a mtovu ndipo ali pafupi, relay ikwanira ndithu. Musataye ndalama. Vuto lili pa magalimoto atsopano, monga Ranger kuyambira pa mtundu wa T6. Alternator yake imalamulidwa ndi kompyuta, ndipo ikaona kuti batire la injini ladzaza imatsitsa voltage mpaka pansi pa 13V pofuna kusunga mafuta. Zikatero relay imalekanitsa mabatire muli pa liwiro, batire lachiwiri silikulandira kanthu. Ngakhale itawalumikiza, batire la AGM (mtundu wa batire la mtovu lomata) limafuna 14.4V kapena kupitirirako pang'ono kuti lidzaze, ndipo likamangokhalira pa theka limafa msanga. Lithium ndiye ili ndi khalidwe lina: ikaphwa imakoka moto wonse womwe waya angalole, mpaka alternator kutentha injini ili pa idle. Orion imathetsa zonsezi chifukwa imalandira voltage yomwe yabwera ngakhale itatsikirako, n'kuikweza kufika pomwe batire likufuna, ndipo sipereka zoposa malire ake.

M'bokosi mumangopeza tchaja yokha ndi kabuku. Zina zonse ndi zogula padera: waya wa kopa wa 16mm², wofiira ndi wakuda, pafupifupi mamita 6 kapena 7 mtundu uliwonse pa double cab, mafyuzi awiri a MIDI a 60A ndi zoikamo zake, ma lug (timitu tachitsulo ta kunsonga kwa waya) ogwirizana ndi wayayo, heat shrink, paipi yapulasitiki yong'ambika m'mbali yovekera waya, ma grommet a labala otetezera waya pa bowo, ndi pulagi ya Anderson ya 50A ngati batire lili m'bokosi lochotseka. Pali mitundu iwiri ya tchajayi, isolated (yolekanitsa negative yolowa ndi yotuluka) ndi non-isolated. Pa pikapu wamba, pomwe mabatire onse amagawana negative imodzi, ya non-isolated ikwanira, ndipo mawaya ake ndi atatu basi.

Nkhani ya waya ndi pomwe ntchito zambiri zimaonongekera, choncho tiyeni tiwerengere. Tchaja ikamapereka 30A pa 14.2V, ndiye kuti ikutulutsa mawati pafupifupi 425. Koma mwa moto womwe imalandira, 87 peresenti yokha ndi yomwe imafika ku batire, kotero ku batire la injini imakoka pakati pa 35A ndi 40A. Waya wa 16mm² pa mtunda wa mamita 12, kupita ndi kubwerera, amataya pafupifupi 0.5V pa moto umenewo. Waya wa 6mm², yemwe ambiri amamuona ngati wonenepa kale, amataya pafupifupi 1.3V. Tsono tchaja imadziwa kuti injini ikulira poyeza voltage pa mano ake omangirapo mawaya, osati pa batire. Alternator ikamapereka 13.8V, ndi waya wochepayo tchaja imaona 12.5V, imaganiza kuti injini yazima, imasiya. Ikasiya voltage imakwera, imayambanso. Imangokhalira yaka-zima ulendo wonse, mwini galimoto n'kumati tchaja ndi yachabe pomwe wolakwa ndi waya. Samalaninso ndi waya wotchipa wa ma amplifier: wambiri ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, ndipo amadutsitsa moto wochepa kwambiri kuposa kopa weniweni wa kukula komweko. Mupale ndi mpeni kunsonga. Akaoneka woyera m'kati, musiyeni. Mano a tchajayi amalandira waya wosapitirira 16mm², ndiye ngati mtunda ndi wautali kwambiri, kokani wa 25mm² mpaka pa fyuzi kapena pa chomangirapo pafupi ndi tchaja, kenako kachidutswa kakafupi ka 16mm².

Fyuzi imateteza waya, osati tchaja. N'chifukwa chake imakhala pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 20 kuchoka pa mutu wa positive, ndipo mabatire onse awiri aliyense akhale ndi yake. Waya akakhula pa chitsulo n'kuchita shoti, moto umachokera ku batire lililonse lomwe lalumikizidwa. Fyuzi yoikidwa kumbuyo kokha imasiya mamita 6 a waya wosatetezedwa pansi pa galimoto, pafupi ndi thanki ya dizilo. Mafyuzi aikidwe pomaliza, zonse zitamangidwa ndi kuyezedwa.

Negative ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi kuimanga pa bodi ya kumbuyo n'kuyembekeza kuti moto ubwerera wokha. Bodi ya pikapu imangogwirana ndi chassis pa mabawuti ochepa odzaza utoto, dzimbiri ndi matope, ndipo 40A sidutsa bwino pamenepo. Kokani waya wakuda mpaka kutsogolo, kapena mangani pa chassis penipeni mutapala utoto mpaka chitsulo chiwale, kenako pakani girizi. Wachiwiri uli pa magalimoto okhala ndi sensa pa mutu wa negative wa batire la injini. Mukamanga waya wanu pa mutu weniweniwo, moto wa tchaja umalambalala sensa, kompyuta siidziwa kuti pali katundu wina, ndipo batire la injini limayamba kufooka pang'onopang'ono. Mangani pa bawuti yomwe waya wa negative wa fakitale wamangidwa ku bodi.

Poyendetsa waya, tsatirani chassis mbali yomwe kulibe ekizozi. Pa dizilo zatsopano zokhala ndi DPF (chigubu chosefa mwaye pa ekizozi), chigubucho chimatentha kufika cha m'ma 600°C chikamawotcha mwaye. Mangani waya pa masentimita 30 mpaka 40 alionse, ndipo pakati pa kabini ndi bodi musiye kakhota pang'ono, chifukwa ziwirizi zimagwedezeka mosiyana pa msewu wa mabampu. Paliponse pomwe waya walowa pa bowo la chitsulo pakhale grommet. Ma lug afinyidwe ndi crimper yeniyeni, chida chofinyira ma lug. Zomenya ndi hamala pa simenti zija zimamasuka, ndipo polumikiza pomasuka ndi pomwe pamatentha mpaka kusungunula choikamo fyuzi.

Tsopano kutentha, komwe kwaichotsera nyenyezi imodzi ija. Moto wa 13 peresenti womwe umatayika uja ndi mawati pafupifupi 60, ndipo onse amasanduka kutentha m'kabokosi kopanda fani. Ikamagwira ntchito pa mphamvu yonse, zipsepse zake zakumbuyo simungazigwire nthawi yaitali ndi dzanja. Malinga ndi zomwe kampani inalemba, mpweya wozungulira ukapitirira 40°C tchaja imachepetsa mphamvu ndi 3 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo malire ake ndi 55°C. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala, panja pokha pamafika 40°C, ndiye m'kanopi yotseka yomwe yakhala padzuwa mungadziwe nokha. Kumeneko musayembekezere 30A yathunthu. Zomwe zimathandiza ndi kuimanga choimirira, mano ali pansi, pa chitsulo kapena aluminiyamu osati pa kapeti, ndi kusiya mpata wa masentimita 10 pamwamba ndi pansi. Kafani kakang'ono ka kompyuta ka 12V kouzira pa zipsepse kamasintha zinthu kwambiri. M'boneti musaiyikemo: mukutentha, ndipo chitetezo chake ndi IP43, chomwe sichipirira madzi a pa chithaphwi kapena a pokwecha injini. Kumbuyo kwa mpando wam'mbuyo kumagwira ngati pali podutsa mpweya. Malo abwino kwambiri ndi pafupi ndi batire lachiwiri, kuti voltage yomwe tchaja ikutulutsa ndi yomwe batire likulandira zikhale zofanana.

Kuisetera ndi pa foni, kudzera pa Bluetooth ndi pulogalamu ya VictronConnect, ndipo apa ndiye imasangalatsa. Onetsetsani kaye kuti yaikidwa kuti igwire ngati tchaja, osati ngati power supply (chongopereka voltage yokhazikika), chifukwa imatha zonse ziwiri. Sankhani mtundu wa batire. Lithium ya LiFePO4 nthawi zambiri imafuna 14.2V podzaza ndi 13.5V ikadzaza, AGM imafuna cha m'ma 14.4V mpaka 14.7V, kenako 13.8V. Zolembedwa pa batire lanu ndi zomwe zimalamula. Pali kawaya kakafupi kolumikiza mano awiri olembedwa L ndi H. Kakachoka, tchaja siyaka, ndipo anthu ambiri amaibweza kwa wogulitsa chifukwa cha kawaya komweko. Pa galimoto yomwe alternator yake imatsika kwambiri, kudalira voltage kuti tchaja idziwe za injini kumavuta. Njira yodalirika ndi kuchotsa kawaya kaja, n'kukoka waya woonda, wa fyuzi yaying'ono, kuchokera pamalo omwe amakhala ndi moto kiyi akatsegulidwa kupita pa H, kenako kuzimitsa zoyeza injinizo mu pulogalamu. Kumbukirani kuti zikatero, kiyi akakhala wotsegula injini ili chete, tchaja imakoka batire lolizira, ndiye musazimitse malire a voltage yolowa, omwe amaimitsa tchaja batirelo likatsika kwambiri. PIN ya Bluetooth isinthidwenso, apo ayi aliyense woima pafupi ndi galimoto akhoza kulowa.

Pulogalamuyi ili ndi chosowa chimodzi chokwiyitsa: imaonetsa voltage yolowa ndi yotuluka komanso gawo lomwe kutchaja kwafika, koma sionetsa ma amp. Simungachepetsenso 30A ija. Kuti mudziwe zomwe zalowa ndi zomwe zatsala m'batire mufunika shunt yapadera, kachida koyezera moto wolowa ndi wotuluka, ndipo pa lithium imeneyi si yongokongoletsa, popeza voltage ya lithium imakhala pafupifupi pamodzimodzi kuyambira litadzaza mpaka litatsala pang'ono kutha.

Pogwiritsa ntchito, masamu ake ndi osavuta. Filiji ya kompuresa ya malita 40 mpaka 50 imadya pakati pa 30Ah ndi 45Ah pa tsiku nyengo yotentha, kutengera momwe mukuitsegulira. Lithium ya 100Ah imakupatsani 80Ah mpaka 90Ah, ndiye masiku awiri galimoto ili chiimire. AGM ya 100Ah siyenera kutsika kupitirira theka, ndiye tsiku limodzi ndi kakusiku, chikhalirecho imalemera makilogalamu pafupifupi 30 pomwe lithium ndi 12 kapena 13. Kubwezeretsa 60Ah pa 30A kumatenga maola awiri oyenda, kuonjezapo zomwe filiji ikudya nthawi yomweyo. Ulendo wa Lilongwe kupita ku Mzuzu umadzaza batire mpaka pakamwa. Wa Blantyre kupita ku Zomba umangobweza pafupifupi za tsiku limodzi. Wogwiritsa AGM ya 100Ah aganizire mtundu wa 18A, chifukwa 30A ili kumalire a zomwe mabatire ambiri a AGM amalola.

Okwera ku Nyika mu Juni ndi Julayi, pomwe chisanu chimagwa usiku, adziwe kuti lithium siitchajidwa pansi pa 0°C. Tchajayi payokha siyeza kuzizira kwa batire, choncho gulani batire lomwe BMS yake (chotetezera batire cham'kati mwake) imadula kutchaja kukazizira kwambiri.

Polowera sola palibe. Wofuna panelo pa kanopi agule chowongolera cha MPPT padera, monga SmartSolar 75/15, n'kuchilumikiza ku batire lachiwiri lomwelo. Ziwirizi zimagwira limodzi popanda mkangano. Apa ndi pomwe Redarc BCDC1225D ya ku Australia ndi CTEK D250SE ya ku Sweden zimaiposa, chifukwa zili ndi sola m'kati momwemo, ngakhale zimapereka 25A ndi 20A. Redarc imapiriranso kutentha ndi madzi moti ena amaimanga m'boneti. Victron yomweyo inatulutsanso Orion XS ya 50A, yomwe imataya moto wochepa kwambiri, imaonetsa ma amp, ndipo mumatha kuichepetsa mphamvu pa foni. Ngati batire lanu ndi la 200Ah kapena galimoto imakhalitsa ku chigwa cha Shire, onjezerani ndalama mugule XS, koma muyambe mwaona ngati alternator ili ndi mphamvu yotsala yokwanira mutayatsa nyale, fani ya injini ndi air con. Pa lithium ya 100Ah, filiji imodzi ndi malo odutsa mphepo, Orion-Tr Smart ya 30A ikukwanirani.