App Store Connect, Play Console ndi Partner Center: ndani amafotokoza bwino pulogalamu ikakanidwa?

Aliyense amene analembapo pulogalamu ya pafoni kapena ya pakompyuta amadziwa kuti pulogalamuyo isanalowe m'sitolo ya mapulogalamu ya pa intaneti iyenera kudutsa kaye pachipata cha eni sitolo, ndipo pachipatapo ndi pamene masiku ambiri amathera. Ndagwiritsapo ntchito zipata zitatu zikuluzikulu, zomwe ndi App Store Connect ya Apple, Play Console ya Google ndi Partner Center ya Microsoft, ndipo muyeso umene ndikuziyezera pano ndi umodzi wokha: pulogalamu ikabwezedwa, kodi mwini wake amauzidwa momveka chimene chalakwika ndi malo amene angakonze?

Ndiyamba ndi Apple, popeza ndi imene ambiri amaiopa, ngakhale kuti m'kuona kwanga ndiyo imafotokoza bwino kuposa zinzakezo. Mukatumiza pulogalamu kudzera mu Xcode kapena Transporter, zida za Apple zotumizira mapulogalamu, makina ndi amene amayamba kuiunika munthu aliyense asanaione, ndipo akapeza vuto amakutumizirani imelo yokhala ndi nambala yoyamba ndi zilembo za ITMS. Nambalayi ndi yothandiza kwambiri. Mwachitsanzo, ITMS-90683 imatanthauza kuti pulogalamu yanu ikufuna kugwiritsa ntchito chinthu monga kamera kapena maikolofoni, koma mufayilo ya Info.plist, imene imafotokoza za pulogalamuyo, simunalembe chiganizo chouza mwini foni chifukwa chake. Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti uthengawu umabwera ngakhale inu simunakhudze kamera n'komwe, bola ngati library ina (chigawo cha pulogalamu cholembedwa kale) imene munabwereka kwa anthu ena ili ndi kodi, kutanthauza malangizo a pakompyuta, yoitana kamerayo. Kuyambira pa 1 May 2024 panawonjezekanso lamulo lakuti mulembe zifukwa zogwiritsira ntchito ma API ena (njira zimene pulogalamu imalankhulirana ndi makina a foni) mufayilo ya PrivacyInfo.xcprivacy, ndipo woiwala amalandira ITMS-91053. Pa zonsezi mankhwala ake amakhala m'mizere yochepa chabe, ndipo munthu amadziwa pokonza asanatseke n'komwe imeloyo.

Gawo lachiwiri ndi la anthu ounika, ndipo apa mphamvu ya App Store Connect yagona pa malamulo ake okhala ndi manambala. Akakubwezerani pulogalamu amatchula ndime imene mwaphwanya. Ndime 2.1 ndi ya pulogalamu yosamalizidwa: imene imadzitsekera yokha, imene ili ndi mabatani osagwira ntchito, kapena imene imafuna kuti munthu alowe ndi akaunti pamene inu simunapereke akaunti yoyesera. Cholakwika chomalizachi ndinachichitapo ndekha, ndipo ndinachita manyazi nditazindikira kuti mawu achinsinsi amene ndinalembera ounika ndinali nditawasintha dzulo lake. Ndime 2.3 imakhudza zimene mwalemba ndi zithunzi zimene mwaika pa tsamba la sitolo, zimene ziyenera kufanana ndi zimene zili m'pulogalamumo. Ndime 5.1.1 imakhudza zinsinsi za anthu, ndipo kuyambira pa 30 June 2022 imafuna kuti pulogalamu iliyonse yolola munthu kutsegula akaunti imupatsenso njira yoifafanizira m'kati momwemo.

Chinthu china chimene ndimayamikira n'chakuti amasiyanitsa vuto la zolemba ndi vuto la pulogalamu yeniyeniyo. Mukaona mawu akuti Metadata Rejected, palibe chifukwa chopangiranso pulogalamu yatsopano. Mumangokonza mawu kapena zithunzi, n'kuwayankha pomwepo. Apple imanena kuti pa zinthu 100 zotumizidwa, pafupifupi 90 zimaunikidwa pasanathe maola 24, kotero kubwezedwa kamodzi si imfa. Pamene kufotokoza kwawo kumafooka ndi pa ndime 4.2 ndi 4.3. Yoyambayo imakana pulogalamu imene ilibe ntchito yokwanira, monga tsamba la pa intaneti longokutidwa kuti lioneke ngati pulogalamu, pamene yachiwiriyo imakana mapulogalamu ofanana kwambiri ndi ena amene alipo kale. Ndime ziwirizi zimadalira maso a wounika, ndipo palibe mzere wa kodi umene mungauloze n'kunena kuti vuto ndi ili. Mukhoza kuyankha n'kufotokoza, kapena kukadandaula ku App Review Board, koma muyenera kupita ndi umboni wooneka wa chimene pulogalamu yanu imachita chimene ena sachita.

TestFlight, chida cha Apple choyesera pulogalamu isanalowe m'sitolo, ndi chabwino, chifukwa imalola anthu 100 a m'gulu lanu ndi anthu akunja okwana 10,000 kuyesa pulogalamu kwa masiku 90. Komabe musanyengeke: kuvomerezedwa kuti anthu akunja ayese sikutanthauza kuti mwavomerezedwa kulowa m'sitolo. Kwa olemba mapulogalamu a Mac, makompyuta a Apple, mavuto ambiri amachokera pa App Sandbox, mpanda woletsa pulogalamu kukhudza zinthu zimene sinaloledwe, imene ndi yokakamiza m'sitolo, komanso pa notarization (kuunika kwa makina a Apple ngati pulogalamu ilibe zoipa) kwa amene amagawa mapulogalamu awo kunja kwa sitolo. Chida cha notarytool, chimene chinalowa m'malo mwa chida chakale cha altool pa ntchito ya notarization mu November 2023, chimapereka lipoti lotchula fayilo iliyonse yosasainidwa bwino, ndipo ndi bwino kuliwerenga lonse musanayambe kungoganizira.

Play Console ndi yosiyana m'khalidwe. Mavuto a pakhomo ndi osavuta kuwamva: versionCode (nambala ya kope la pulogalamu) imene munagwiritsapo kale ntchito siloledwanso, mapulogalamu atsopano ayenera kubwera mu mtundu wa fayilo wotchedwa Android App Bundle kuyambira mu August 2021, ndipo fayilo yosainidwa ndi kiyi yolakwika imakanidwa nthawi yomweyo (kiyiyo ndi chizindikiro chachinsinsi chotsimikiza kuti fayilo yachokera kwa inu). Pa nkhani ya kiyi Google iyenera kuyamikiridwa, chifukwa ndi Play App Signing, njira imene Google imakusungirani kiyi yaikulu, kutaya kiyi yotumizira sikuthetsanso moyo wa pulogalamu monga zinkakhalira kale. Mumapempha kuti alembetse ina. Chabwino koposa ndi pre-launch report, imene imayendetsa pulogalamu yanu pa mafoni osiyanasiyana n'kukubweretserani zithunzi, kanema ndi tsatanetsatane wa pamene yadzitsekera. Ngati pulogalamu yanu ili ndi khomo lolowera, perekani akaunti yoyesera, apo ayi makinawo amangozungulira pakhomopo ndipo lipoti limabwera loyera mwabodza.

Kulemera kwa Play Console kuli m'mafomu. Fomu ya Data safety, imene inakhala yokakamiza mu July 2022, imafuna kuti mutchule chilichonse chimene pulogalamu imatolera, kuphatikizapo chimene chimatoleredwa ndi zida za otsatsa malonda kapena zowerengera anthu zimene munaikamo, ndipo zimene mwalemba zikasemphana ndi zimene makina awo aona, pulogalamu imabwezedwa. Zilolezo zina, monga kuwerenga ma SMS kapena kudziwa kumene munthu ali pulogalamu itatsekedwa, zimafuna fomu yakeyake, ndipo chachiwirichi chimafunanso kanema wosonyeza chifukwa chake. Mlingo wa API, kutanthauza mtundu wa Android umene pulogalamu iyenera kulunjika, umakwera chaka ndi chaka. Ndipo amene anatsegula akaunti yaumwini pambuyo pa 13 November 2023 ayenera kuyamba apereka pulogalamu kwa anthu kuti aiyese kwa masiku 14 otsatizana; poyamba pankafunika oyesa 20, kenaka chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa 12. Lamuloli ndi lomveka pa cholinga chake, koma kwa munthu wogwira ntchito yekha ndi katundu wolemera. Malamulo a Google amadziwika ndi mayina m'malo mwa manambala aafupi, ndipo dzina limodzi limatha kuphimba zinthu zambiri, kotero nthawi zina munthu amafunika kuwerenga tsamba lonse kuti apeze chiganizo chimene chikumukhudza. Muyeneranso kusiyanitsa kukanidwa, kuchotsedwa ndi kuimitsidwa, popeza kuimitsidwa mobwerezabwereza kungatsekeretse akaunti yonse.

Za Partner Center sindichulukitsa, chifukwa mavuto ake ambiri ndi a mtundu umodzi. Dzina la phukusi la MSIX (mtundu wa fayilo ya mapulogalamu a Windows) ndi dzina la wofalitsa ziyenera kufanana ndendende ndi zimene zinalembedwa pamene munasungitsa dzina la pulogalamu, ndipo njira yachidule ndi kulola Visual Studio, pulogalamu ya Microsoft yolembera mapulogalamu, kuti ilumikize pulojekiti yanu ndi sitolo m'malo molemba pamanja. Kuyambira mu 2021 sitolo ya Microsoft imalandiranso mafayilo a EXE ndi MSI, amene amaika mapulogalamu pa Windows, koma ayenera kukhala osainidwa ndi satifiketi yodalirika, okhoza kudziika pakompyuta popanda kufunsa mafunso, ndiponso osasinthidwa pa adiresi imene munapereka. Kuunika kumatha kutenga masiku atatu a ntchito. Mwayi waukulu ndi Windows App Certification Kit, imene mumaiyendetsa pakompyuta panu musanatumize kanthu, n'kuona nokha mayeso amene mwalephera.

Ndikanati ndipereke malikisi pa funso limene ndinayamba nalo, App Store Connect ikanatsogola chifukwa cha manambala ake ndi mwayi woyankhana ndi wounika, Partner Center ikanatsatira chifukwa cha chida choyesera pakompyuta panu, ndipo Play Console ikanakhala yachitatu pa kufotokoza, ngakhale kuti pre-launch report yake ndi chinthu chimene ndikanakonda kuchiona m'masitolo ena awiriwo.