Kachipangizo koyezera mankhwala osokoneza bongo mumkodzo: zimene kanandithandiza ndi pamene kamaperewera

Ndinagula kachipangizoka pa famase ina m'tauni ya Chipata nditatha miyezi iwiri ndikuona mwana wanga wa zaka 16 akusintha pamaso panga. Ankafika kunyumba kutada, maso ali psuu, n'kudya nsima ngati munthu amene wachoka kumunda, kenaka n'kugona mpaka kuchedwa kusukulu. Ndalama zimene ndinkasiya pathebulo zinayamba kusowa, ndipo anzake akale a kukwaya analeka kuponda pakhomo.

Kachipangizoko ndi kapulasitiki kokhala ndi timapepala tingapo, kalikonse ndi zilembo zake: THC ndi chamba, OPI ndi gulu la codeine amene amapezeka m'mankhwala ena a chifuwa omwe achinyamata amamwa kuti aledzere, ndipo BZO ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam. Mumaviika nsonga zake mumkodzo kwa kanthawi kochepa, n'kuwerenga pakatha mphindi 5. Mpaka apa ndilibe chodandaula.

Dandaulo langa lili pa kawerengedwe kake, ndipo wogulitsa sanandiuzeko kanthu, pomwe malangizo ali m'Chingerezi cha zilembo zazing'ono zofuna mandala. Ife amayi tinazolowera kachipangizo koyezera mimba, kamene mizere iwiri imatanthauza kuti chinthucho chilipo. Apa n'zosemphana: mizere iwiri, ngakhale wachiwiriwo ukhale wosaoneka bwino, imatanthauza kuti mankhwalawo sanapezeke, pamene mzere umodzi wokha ndi umene umasonyeza kuti apezeka. Ine ndinaona mzere umodzi pa THC ndi iwiriiwiri kwinako, ndipo ndinakhala pansi miyendo itazizira, ndikuganiza kuti mwana wanga akumwa zonsezo kupatula chamba. Anandiwongola ndi mnansi wanga amene ndi namwino, apo ayi ndikanamunamizira mwana milandu imene sanapalamule.

Kholo lidziwenso kuti kachipangizoka kamaona zokhazo zimene zalembedwapo. Tramadol, mankhwala ochepetsa ululu, saoneka pa OPI, amafuna kapepala kakekake. Guluu ndi petulo wonunkhiza sizioneka n'komwe, chimodzimodzinso kachasu ndi mowa wotchipa wa m'timabotolo umene unadzaza malo a tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene boma linaletsa mu 2012. Nthawi nayonso imasokoneza: amene wasuta chamba kamodzi, mkodzo wake umayera pakatha masiku owerengeka, koma wosuta tsiku ndi tsiku angapezeke nacho patatha milungu ingapo chilekereni. Namwino uja anandichenjezanso kuti mankhwala ena a kuchipatala, monga efavirenz wa m'gulu la ma ARV, amatha kunamiza zotsatira za chamba, choncho mwana amene ali pa mankhwala asaweruzidwe ndi kapulasitiki kameneka asanaonane ndi dokotala.

Chovuta kwenikweni sichinali kuyezako, koma kupempha mkodzowo. Ena amalangiza kuti muutenge mwachinyengo. Ine sindinafune, chifukwa mwana akazindikira kuti mwamutchera msampha amangophunzira kubisa mochenjera. Ndinaitana amalume ake ochokera ku Katete, tinakhala naye pakhonde madzulo, ndipo anavomera yekha. Zotsatira zitadziwika bwino anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, ndinayamba temu yatha, amandigawira ndi anyamata amene timabwerera limodzi kusukulu." Mawu amenewo anandiuza za nthawi, anthu ndi njira, zimene timizere tija sitikanatha kundiuza.

Kuchokera pamenepo tinapita kwa alangizi a Drug Enforcement Commission, bungwe limene ambiri timangolidziwa pa zomanga anthu ogulitsa chamba, pomwe lili ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu kwa amene akodwa kale. Tinasinthanso zapakhomo: ndalama ya chakudya cha kusukulu ndimamupatsa ya tsiku limodzi basi, mankhwala a chifuwa ndimawatsekera, ndipo ndinakadziwana ndi makolo a anyamata aja.

Ndingalangize kholo kugula kachipangizoka pokhapokha litaona kale zizindikiro, ndipo lifunse wogulitsa kuti kakuyeza mankhwala ati, lione tsiku lotha ntchito, ndi kuti paketi sinabooke. Ine ndinagula tiwiri. Kachiwiriko kadakali m'kabati ya m'chipinda changa, ndipo mwana wanga akudziwa pamene kali.